Timagetsi ta Mwatitha

Ndatsitsa katoni pamwamba pa kabati,
fumbi la miyezi khumi ndi umodzi landiyetsemulitsa.
M'katimo chingwe chadzipiringiza chokha
ngati matumbo a mbuzi m'beseni,
ndipo khoswe wasiyapo moni wake:
mano awiri pa waya wobiriwira.

Mwatitha adatumiza timagetsiti pa basi ya ku Joni
pamodzi ndi bulangete ndi sopo wonunkhira.
Adati, "Ababa, mukoleke pakhonde,
ndikamadzatsika pa Kaphatenga usiku
ndisadzafunse njira ya kwathu."
Ino ndi Khirisimasi yachinayi.

Che Saiti, mnansi wanga, chikondwererochi si chawo
koma ndiwo amandigwirira makwerero.
"Mwapendeketsa, akulu, kokerani kumanzere!
Musakhomere pa waya,
pindani msomaliwo ukhale ngowe."
Ine pamwamba, misomali itatu pakamwa,
malata akundiwotcha dazi,
thukuta la Salima likundilowa m'maso,
mawondo akukambirana zawozawo.

Bala la khoswe ndalimanga ndi tepi wakuda
kasanu, kenaka kachisanu ndi chimodzi poopa.
Pulagi ndaibisa m'botolo lodula pakati,
kukamwa kuloza pansi,
kuti mvula idzagogode, isalowe.

Kuyatsa: theka layaka, theka lakana.
Timababu timeneti n'tachibale kwambiri,
kamodzi kakafa, khumi timakhala pamaliro.
Ndiye ndayamba kufunsa kamodzikamodzi,
kupotokola, kupukuta, kubwezera,
mpaka ndakapeza pafupi ndi ngodya,
kakuda m'mimba ngati dzira losukusa.
Ndachotsa, ndaikapo kena.
Khonde lonse phethiphethi!
Kufiira, kubiriwira, chikasu,
ngakhale ming'alu ya khoma yavala zatsopano.

Nankhoma waima pakhomo, manja m'chiuno.
Sayang'ana kuwalako, ayang'ana mita.
"Mayunitsi atsala asanu ndi awiri, bambo.
Ikakwana naini muzimitse."
Koma naini itakwana ndamupeza pampando,
akusenda mtedza pansi pa kuwala komweko,
nkhope ikusinthasintha mitundu.

Lachitatu mitambo inadza mokwiya.
Mphezi itang'anima ndinathamanga kukazula pulagi,
phazi limodzi m'silipasi, lina m'matope.
Itakata mvula, ndinapukuta, ndinayatsa,
ndipo ngumbi zinamva uthenga.
Zinatuluka m'chulu cha kuseri kwa chigayo
kudzavina pakhonde panga osaitanidwa.
Ana a mzere wonse ndi mabeseni amadzi,
nalimata pakhoma kudya ngati paukwati,
achule pansi kudikira zogwa.
Amene ndinamuyatsira sanabwere,
koma taonani alendo!

Ndinajambula pafoni, chithunzi chogwedera,
ndinatumiza.
Yankho linafika pakati pa usiku:
"Zakongola, ababa. Abwana akaniza tchuthi.
Mwina chaka chamawa."
Ndinawerenga kawiri.
Kenaka magetsi a boma anathima, monga mwa nthawi zonse,
tauni yonse bii,
ine n'kukhalabe pakhonde, kumvera udzudzu
ndi njinga za kabaza zikudutsa mumdima,
mabelu okha kulira.

M'mawa uliwonse ndimayendera chingwechi
monga mlimi ayendera mizere:
apa kangaude wamanga, apa mphepo yamasula,
apa mbalame yasiya zake.

Januwale akafika pakati
Che Saiti adzagwiranso makwerero.
Ndidzatsitsa mosakoka, ngowe ndi ngowe,
ndidzapukuta ndi kansalu kouma,
ndidzakulunga pa kansungwi kuti chisakodane.
Ulendo uno osati m'katoni,
koma m'chitini cha utoto, chotsekera chake cholimba,
khoswe akalume chitsulo.

Misomali yokha ndidzaisiya pomwepo,
ichite dzimbiri ngati ifuna.
Disembala saiwala njira,
ndipo basi ya ku Joni
imaimabe pa Kaphatenga.